Bondo Likuti Chiyani?

Mumsewu wonse wa kumunsi kwa thanki ya madzi munalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Ana, akuluakulu, ngakhale wobweretsa makalata, onse ankangoti a Bondo. Anali munthu wamtali, wowonda, wokoka pang'ono mwendo wamanzere, ndipo mawu ankawatulutsa limodzilimodzi ngati akuzula misomali. Zaka makumi atatu ndi zinayi anagwira ntchito m'kanyumba ka mapampu, kumtunda kwa msewuwo, mkati mwa mpanda wa waya. Ntchito yawo inali kuyatsa injini, kuthira girisi ndi kumvetsera kulira kwa makina. Koma chimene anatchuka nacho sichinali mapampu ayi. Linali bondo.

M'mawa uliwonse, akayatsa injini, ankatsika kunyumba kudzamwa tiyi. Akazi awo anali telala, ndipo makina awo osokera ankakhala pawindo la pabalaza. Akamva chitseko ankaimitsa phazi, n'kufunsa osatembenuka n'komwe:

"Bondo likuti chiyani lero?"

A Bondo ankakhala pampando, n'kusisita bondolo akuyang'ana pansi. "Chapani. Kufikira mawa kuli bwino." Tsiku lina ankati, "Mabulangete asatuluke. Mvula ikubwera, mwina madzulo ano, mwina mawa. Mphepo ikatembenuka ndiye yafika."

Mawuwo sankachedwa kudumpha mpanda. Woumba njerwa wa kumapeto kwa msewu ankatuma mkazi wake kudzafunsa asanaponde dothi. Wopaka penti sankatsekula chitini asanamve za bondo. Nthawi zina linkaphonya, koma osati kawirikawiri, ndipo likaphonya anthu ankalikhululukira monga amakhululukira wachibale.

Choona chake n'chakuti bondolo silinkadziwa kanthu.

Kuseri kwa kanyumba ka mapampu, pakati pa udzu, panali paipi yachitsulo yotuluka pansi, yolekeza m'chiuno. Chinali chitsime chimene anaboola kalekale osapeza madzi. Anangokumana ndi mapanga ouma mkati mwa thanthwe, n'kuchisiya. A Bondo atangoyamba ntchito, tsiku lina anamva paipiyo ikulira ngati munthu akuuzira pakamwa pa botolo. Anaikapo dzanja. Munkatuluka mpweya wozizira, wonunkha mwala. Patapita masiku atatu anaikaponso dzanja, n'kupeza kuti tsopano ikukoka, mpaka tsamba louma linali litamatirira pakamwa pake.

Anafunsa injiniya amene ankabwera kudzaona makina kamodzi pamwezi, bambo wamfupi wa dazi amene ankakonda kuphunzitsa kuposa kukonza zinthu. Injiniyayo anakondwa ngati wapatsidwa mphatso.

"Mpweya umalemera, mphwanga," anatero. "Sitiumva chifukwa tinabadwa tili chiusenzere. Koma sulemera chimodzimodzi masiku onse. Ukalemera umakanikiza pansi, umalowa m'mapangamo, paipi n'kumameza. Masiku amenewo kumwamba kumakhala mbee. Ukapepuka, wa pansi uja umapeza mpata, umatuluka, paipi n'kumapuma. Ndipo kumene mpweya wapepuka n'kumene mphepo imathamangira, chinyontho chili kumsana."

Kenako ananjuta, n'kujambula mzere pafumbi ndi sipanala.

"Uku kuli mpweya wofunda, uku wozizira. Awiriwa sasakanikirana msanga. Wozizira ndi wolemera, ndiye umalowa pansi pa wofundawo ngati fosholo pansi pa mchenga, n'kuunyamula. Wofunda ukakwera m'mwamba umazizidwa, chinyontho chake n'kusanduka mitambo. Pamene akukankhanapo pamakhala mzere wautali, woti basi ingayende tsiku lonse osaumaliza. Mzerewo umayenda. Ukamayandikira, paipi yakoyi imapuma. Ukadutsa, imameza." Anadzuka n'kufufuta mzerewo ndi nsapato. "Koma usauze munthu. Pamapepala paipi iyi inatsekedwa ndi simenti. Akuluakulu akamva, simentiyo abweradi nayo."

A Bondo anamanga kawaya pakamwa pa paipi, n'kulendewetsapo kansalu. Kansalu kakaimirira n'kumavina, ankadziwa kuti nyengo isintha. Kakamira mkati, ankadziwa kuti kuli masiku oti munthu n'kuyanika matiresi. Pang'onopang'ono anaphunzira zimene zimatsagana ndi kansaluko. Poyamba kunkabwera timitambo topyapyala ngati nthenga, kumwamba kwenikweni. Kenako mphepo yofunda inkawomba kuchokera kumbali ya njanji, kunja n'kukhala thukuta lokhalokha. Ikatero mphepo inkatembenuka mwadzidzidzi, n'kuchokera kuseri kwa thanki ili yozizira, mvula ili pambuyo pake.

Za bondozo anaziyambitsa ndi alamu awo, achimwene a akazi awo, kalipentala wa pakamwa posatseka. Chaka choyamba cha ukwati a Bondo anagwa pamakwerero a thanki n'kuvulala bondo. Tsiku lina ali pakhonde, akusisita pomwe pankapweteka, anaona akazi awo akuyanika nsalu za makasitomala kunja kuli dzuwa lowala bwino.

"Muzianule isanakwane teni," anatero.

Itangokwana leveni inagwa mvula yoti ndowa inadzaza munthu asanamalize kapu ya tiyi. Akazi awo anawafunsa mmene anadziwira. A Bondo anaganiza za mapanga, za fosholo, za simenti ya akuluakulu, n'kuona kuti mawu ake ndi ambiri. Ali chiganizire, kalipentala anaseka.

"Mukufunsa alamu anga? Awa pakamwa anamangapo mfundo. Chimayankhula ndi bondolo. Simukuona mmene akulisisitira?"

A Bondo sanavomere, sanakane. Pofika Lamlungu msewu wonse unali utamva.

Zinali zaka zabwino zimenezo. Injini zakale zinkagunda pansi ngati mtima, moti ana a mumsewu ankagona ndi kudzuka ndi phokoso lake. Akazi awo ankaika zidutswa za nsalu zotsala m'dengu pafupi ndi chitseko, ndipo kansalu ka papaipi kakatha ndi dzuwa, a Bondo ankangotolapo kena potuluka, n'kubisa m'thumba la ovololo. Ana awo anakula n'kupita kukakhala kutali. Woumba njerwa anamwalira. Wopaka penti anayamba kuyang'ana nyengo pafoni. Injiniya wa dazi uja anasiya kubwera, ndipo palibe anawauza a Bondo kuti anathera kuti. Koma funso la m'mawa silinasinthe.

Tsiku lopuma ntchito litafika, anapereka makiyi kwa munthu watsopano, bambo wonenepa wochokera ku malo ena a kampaniyo, wosunga malamulo ngati mazira. Za paipi sanamuuze. Anati amuuze, koma munthuyo anali kalikiliki kuwerenga masipanala.

Miyezi yoyamba sinavute, popeza inali nthawi yopanda mvula. Akazi awo akafunsa, ankangoti, "Chapani," ndipo zinkatheka. Koma mumtima ankadziwa kuti akuyenda ngati munthu amene wataya magalasi koma sakufuna anthu adziwe.

Kenako inabwera nkhani ya denga.

Malata a nyumba yawo anali a nthawi ya ukwati wawo. Chaka chathacho ankagona ndi mabeseni anayi, limodzi pamwamba pa kabati, ndipo makina osokera ankawafunditsa pulasitiki. Ana anatumiza malata atsopano, koma anafika mochedwa, nyengo itayamba kale kusinthasintha. Kalipentala, amene tsopano anali ndi imvi koma pakamwa pali pomwepo, anabwera kudzayendera mapaso.

"Ndikufuna masiku atatu ouma," anatero. "Ndikazula, nyumba yonse ikhala pamtunda. Mvula ikatipeza pakati, siling'i yanuyi isanduka phala, ndipo musadzanditchule dzina."

Pabalaza panali mulu wa mayunifolomu a sukulu yonse ya kumsika, ena osokedwa, ena odulidwa kumene, ndi madiresi awiri oyera a eni ake. Kunalibe kwina kowasunga.

"Tifunsa bondo," akazi awo anatero, ulusi uli pakamwa. "Lakhala likutisunga zaka zonsezi."

A Bondo anatsekula wailesi masana amenewo. Azanyengo anati kugwa mvula ya apo ndi apo m'madera ena. Madera ena ake ati, sananene. Anatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba. Kunali kowala, koma chakumadzulo kunali timizere toyera, topyapyala. Mwina tinali timitambo ta nthenga tija, mwina ayi. Popanda kansalu, maso awo sankawakhulupirira.

M'mawa mwake anavala jekete n'kukwera msewu mpaka pageti la mapampu. Injini zatsopano sizinkagunda, zinkangolira ng'ii ngati udzudzu. Munthu watsopano uja anatuluka akupukuta m'manja.

"Achikulire. Mwatikumbuka?"

"Ndimati ndione kuseriko. Pang'ono pokha."

"Aa, pamenepo ndiye pavuta." Analoza chikwangwani cha pageti, cholembedwa kuti osalowa popanda chilolezo. "Ndamva kuti munalemba ndinu chimenechi. Dzanja labwino."

Analidi iwo, ndi penti yofiira, zaka makumi awiri zapitazo. Anazungulira mpanda mpaka kuseri, n'kusuzumira pawaya. Udzu unali wotchetcha bwino. Paipi inalipo, yopakidwa penti yabuluu, koma pakamwa pake anali atamangapo chitsekerero chachitsulo. Kawaya ndi kansalu panalibe.

Pobwerera anapeza makwerero atatsamira kale khoma, kalipentala ali pamwamba ndi hamala.

"Alamu, nenani. Ndizule? Funsani mkulu wanuyo, dzuwa likupita."

A Bondo anaima pansi pa makwerero. Kunena kuti zulani kunali kosavuta. Mwina masiku atatuwo akanadutsa bwinobwino, bondo n'kutchukanso. Anaganiza za madiresi oyera aja.

"Tsikani kaye," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Akazi awo anali pamakina. A Bondo anakhala pampando wawo wa masiku onse, manja ali pamaondo, osasisita.

"Mayi."

"Ndikumva."

"Bondo silidziwa kanthu. Silinadziwepo. Kuli paipi kuseri kwa mapampu. Ndinkaonera pamenepo. Tsopano aitseka."

Makina anapitiriza kulira mpaka msoko unafika kumapeto. Akazi awo anadula ulusi, n'kukoka kadirowa ka pansi pa makina. Anatulutsamo tinsalu tingapo, tonse tofanana, kutalika ngati chala chapakati ndi theka, n'kutiyala patebulo.

"Tinsalu tanu tija munkatola kuti?"

"M'dengu."

"Munatiyang'anapo m'mphepete mwake?"

A Bondo anatola kamodzi. Kanali kopindidwa mbali zonse, ndi msoko waung'ono wowongoka bwino, ndipo kumutu kwake kunali kabowo kolowetsa waya.

"Munaonapo telala wopinda nsalu yotaya? Zoyamba zija zinkayoyoka ndi mphepo, sabata ziwiri basi mwabweranso m'dengu. Ndinati bambowa andithera zidutswa."

"Munadziwa liti?"

"Chaka chachiwiri. Munaiwala ambulera, ndinakutsatirani. Ndinakupezani mutanjuta kuseri, mukuyang'anitsitsa chidutswa cha diresi langa la maluwa achikasu ngati chikukuuzani nkhani. Ndinabwerera nayo ambulerayo."

A Bondo anatembenuza kansaluko m'manja. Panja kalipentala ankaimba mluzu, akugogoda makwerero ndi hamala.

"Bwanji simunanene?"

"Inu bambo, tsiku lonse mumati eya, mumati ayi, mumati zikomo. Funso limodzi lokha ndi limene munkayankha ndi mawu opitirira atatu. Ndiye ndilitaye?" Anavula magalasi, n'kutenga kansalu kamodzi ndi kawaya ka pahang'ala. "Nyamukani. Denga silidikira manyazi anu."

Podutsa pa makwerero mayiwo anauza achimwene awo kuti bondo likuganiza kaye. Kalipentala anati bondo lakalamba ngati mwini wake, liyenera kupuma nalonso.

Pageti la mapampu amene anayankhula ndi munthu watsopano uja anali mayiwo.

"Ovololo mwavalayo ndinafupikitsa miyendo ndine, si choncho?"

"Ndi inu, mayi. Koma lamulo..."

"Lamulo ndalimva. Likuti ife tisalowe, ndiye sitilowa. Pali pamene lalemba kuti inu musamasule chitsekerero cha paipi yanu yomwe?"

Bamboyo anayang'ana chikwangwani, ngati akuchiwerenganso. Anakanda m'mutu, n'kupita kukatenga sipanala yaikulu. Iye anadzera mkati, iwo anazungulira kunja, n'kukumana kuseri, waya ali pakati pawo.

Chitsekerero chinali chisanamasuke chonse pamene paipi inayamba kulira. Kunali kulira komwe kuja, kwa pakamwa pa botolo, ndipo fungo la mwala wozizira linafika mpaka pampanda. A Bondo anagwira waya ndi manja onse awiri. Akazi awo anapatsira kansalu ndi kawaya kudzera pabowo la mpanda, a Bondo n'kumalangiza mmene angamangire. Bamboyo atangochotsa dzanja, kansalu kanaimirira njo, kakunjenjemera kumutu.

"Muli chiyani pansipa?" anafunsa, atabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Mpweya basi," a Bondo anatero. "Wa kunja kuno wapepuka, ndiye wa pansi ukutuluka. Ndipo ukutuluka mwamphamvu. Ukupepuka msanga."

"Ndiye kuti chiyani?"

A Bondo anayang'ana pansi. Panali fumbi, ngati tsiku lija. Anajambula mzere ndi nsonga ya nsapato, n'kuyamba kufotokoza za mpweya wofunda ndi wozizira, za fosholo pansi pa mchenga, za mzere umene umayenda. Analoza timitambo ta nthenga, timene tsopano tinali titafika pamutu. Anauza bamboyo kuti amvetsere mphepo kumaso kwake, kuti ikuchokera ku njanji, ndipo ikadzachokera kuseri kwa thanki adzatseke mawindo. Anati paipi siuza munthu kuti mvula igwa ola liti, imangonena kuti zimene zili kumwambazi sizikhalitsa. Anayankhula mpaka kukhosi kunauma. Akazi awo sanayang'ane mzere wa pafumbiwo ngakhale kamodzi. Ankayang'ana amuna awo.

Atafika kunyumba, kalipentala anali atakhala pamulu wa malata atsopano.

"Bondo lati dikirani, achimwene," mayiwo anatero.

"Kunja kuli chonchi? Ine ndili ndi ntchito zina, mlongo wanga. Anthu akundidikira ndi zitseko zawo."

"Kapangeni zitsekozo. Zimapangidwira m'nyumba."

Anapita akung'ung'udza kuti munthu wa zaka zake sangalamulidwe ndi fupa la mlamu wake.

Tsiku limenelo silinagwe dontho. Tsiku lotsatira kunacha kotentha, kopanda kamphepo, ndipo kalipentala anadutsa dala pamsewu, chipewa chili m'manja, akuyang'ana kumwamba mokokomeza. A Bondo anakhala pakhonde. Itadutsa thuu koloko, makatani a pabalaza, amene m'mawa wonse ankakankhikira mkati, anafufuma n'kutulukira panja. Chitseko cha kukhitchini chinamenyetseka. Kuseri kwa thanki kunali kutada bii. A Bondo ndi akazi awo anatenga mabeseni anayi aja, aliyense akudziwa malo a beseni lililonse, n'kufunditsa mayunifolomu ndi madiresi pakona youma. Mvula inagwa mpaka madzulo, mphepo ikutukula malata akale m'mphepete n'kuwabweza.

M'mawa mwake kunacha kozizira. Cha m'ma seveni kunamveka kugogoda. Anali bambo wa kumapampu, ovololo itanyowa m'miyendo ndi udzu, akupuma mwawefuwefu chifukwa chotsika msewu mothamanga.

"Achikulire, kansalu kalowa mkati. Paipi ikumeza. Ndinaikapo pepala, yalanda."

"Mwamphamvu?"

"Mpaka kulira."

"Muyang'anenso masana. Ikapitiriza, mundiuze."

Inapitiriza. Kalipentala anazula msomali woyamba tsiku lomwelo, ndipo masiku atatu nyumba inakhala pamtunda, kumwamba kuli mbee. Pokhoma lata lomaliza anafuula ali padenga kuti alamu akadzamwalira, bondolo lisadzakwiriridwe, lidzasungidwe m'botolo. Mlongo wake anamuuza kuti ayang'ane misomali yake.

Chitsekerero chija sichinabwererenso papaipi. Bambo wa kumapampu anachiika pashelefu, n'kunena kuti palibe pepala limene limachitchula.

Lolemba lotsatira a Bondo anakhala pampando wawo ndi kapu ya tiyi. Pansi pa malata atsopano nyumba inkamveka yachilendo, ngati ya eni. Makina osokera anaima.

"Bondo likuti chiyani lero?"

Analisisita. Masiku ano linkapwetekadi, mvula kaya dzuwa.

"Likupweteka."

"Limenelo ndi liwu limodzi. Onjezerani."

A Bondo anasuzumira pawindo, kudutsa paphewa la akazi awo. Utsi wa kwa aneba unkakwera mowongoka. Chakumadzulo kunalibe nthenga ngakhale imodzi.

"Mpweya wakhala pansi," anatero. "Mphepo kulibe. Mitambo ili apoyo ndi yongodutsa, ilibe kanthu. Chapani, ndi mabulangete omwe. Za mawa ndikafunsa kumtunda ndikamaliza tiyi."

Akazi awo anagwedeza mutu, n'kuponda makina.